Kumanga ndi Kumasula Uthenga: Chinyanja ndi Njira Zotetezedwa za Intaneti mu Lusaka

1.0 Mawu Oyamba

Nkhani ino ili ndi zolinga ziwiri. Choyamba ndi kufotokoza m'Chinyanja zimene zimachitika pamene eni malo a pa intaneti asamutsa malo awo kuchoka pa njira yapoyera yotchedwa HTTP kupita pa njira yotetezedwa yotchedwa HTTPS. Chachiwiri ndi kuunika mawu amene tingagwiritse ntchito pophunzitsa zimenezi. Zitsanzo zathu tazitenga pa zochitika zitatu za mu Lusaka: za mu 1996, za mu 2013 ndi za mu 2021.

Ena angafunse kuti nkhani ya makina ikufunanji m'magazini ya zinenero. Yankho lathu ndi lakuti machenjezo onse amene foni imapereka pa za chitetezo amafika kwa munthu ngati mawu, ndipo ambiri mwa mawuwo ali m'Chingerezi. Mayi wogulitsa pamsika ku Emmasdale amene amalandira ndalama pafoni, mphunzitsi amene amatumiza malikisi a ana, ndiponso wofufuza amene amasunga mawu ojambulidwa a agogo a ku Katete, onsewa amasankha chochita molingana ndi mmene amvera mawuwo. Tikamasulira molakwa, munthu amadalira chinthu chosayenera kudalira.

2.0 Njira Yapoyera

Tiyerekeze mphunzitsi wa ku Emmasdale amene akulowa m'malo a pa intaneti osungiramo maphunziro. Iye alemba dzina lake ndi mawu ake achinsinsi. Uthengawo suuluka kuchoka pafoni kukatera kwa mwini malo. Umayamba wadutsa pa mlongoti kapena pa Wi-Fi, kenaka pa makina a kampani yopereka intaneti, ndipo ngati kompyuta yosunga malowo, yotchedwa seva, ili kunja kwa dziko, umadutsanso m'manja mwa makampani a maiko ena popeza Zambia alibe gombe la nyanja yamchere kumene zingwe zikuluzikulu zimafikira.

Pa njira ya HTTP uthenga umayenda monga momwe walembedwera, ngati kalata yosaikidwa mu envulopu. Aliyense amene uthengawo wadutsa m'makina ake angathe kuchita zinthu zitatu: kuuwerenga, kuusintha, kapena kunamizira kuti iye ndiye mwini malo. HTTPS inakonzedwa kuti ithetse mavuto atatuwa. Kampani ya Netscape ndiyo inatulutsa njira yoyamba yotere, yotchedwa SSL, mu 1995. Mu 1999 inalowedwa m'malo ndi TLS, ndipo mtundu wake wotchedwa TLS 1.3 unakhazikitsidwa mu 2018. Motero HTTPS ndi HTTP yemweyo, koma woyenda mkati mwa TLS.

3.0 Chinsinsi cha Chinenero ndi Chinsinsi cha Masamu

Achewa sanayambe lero kuyankhula moti womvera wapambali asatolepo kanthu. Akulu ali ndi zining'a ndi mikuluwiko. Anamkungwi ali ndi mawu awo a kuchinamwali, ndipo a Gule Wamkulu ali ndi mawu a kudambwe amene munthu wosalowa sawadziwa. Ana nawonso amasewera potembenuza maphatikizo a mawu:

(1) madzi > dzima
nyumba > mbanyu

M'njira zonsezi chinsinsi chagona pa kusadziwa kwa womvera. Akangophunzira lamulo lake kapena mawu ake, chinsinsi chatha, ndipo sichitha pa uthenga umodzi wokha koma pa mauthenga onse, akale ndi am'tsogolo.

Njira zakale zolembera mobisa zinali ndi chofooka chofanana. Tione njira imene imatchulidwa ndi dzina la Julius Caesar, yosuntha lemba lililonse malo atatu:

(2) ANA ABWERA MAWA > DQD DEZHUD PDZD

Wophunzira aliyense wa Chinyanja angathe kuulula chitsanzo (2) popanda womuuza. Iye akudziwa kuti mawu a Chinyanja amathera ndi lemba la liwu, kuti malembo a liwu alipo asanu okha, ndi kuti mwa onsewo a ndiye amapezeka kawirikawiri. Mwa malembo 13 a m'chitsanzochi, 6 ndi D, ndipo mawu onse atatu akuthera ndi D. Choncho D ndi a, ndipo zotsalazo zimangodzimasula zokha. Njira yowerenga kuchuluka kwa malembo imeneyi inafotokozedwa kale ndi katswiri wa ku Baghdad, al-Kindi, m'zaka za m'ma 800. Apa tikuona kuti dongosolo limene limachititsa chinenero kukhala chinenero ndilo limene limaulula uthenga wobisidwa mwachibwana.

Mu 1883 Auguste Kerckhoffs, amene ntchito yake inali yophunzitsa zinenero, anaika mfundo imene akatswiri amaitsata mpaka lero: njira yobisira idziwike kwa aliyense, chinsinsi chikhale pa kiyi yokha. Masamu a TLS ndi osindikizidwa poyera. Chimene sichidziwika ndi nambala yaitali imene imapangidwa mwatsopano nthawi iliyonse foni ikalumikizana ndi seva.

Pali chikhulupiriro china chimene tiyenera kuchichotsa m'makalasi athu, chakuti kulemba m'Chinyanja pakokha ndi chitetezo chifukwa anthu akunja sachimva. Zoona, asilikali a America anagwiritsa ntchito chinenero cha Navajo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Koma Google inaika Chichewa m'makina ake omasulira mu Disembala 2014. Kuwonjezera apo, amene ali ndi chifukwa chomvetsera zokamba za munthu wa ku Emmasdale kawirikawiri sakhala mlendo. Amakhala mnzake wodziwa Chinyanja chomwecho.

4.0 Mmene HTTPS Imagwirira Ntchito

Vuto lalikulu linali ili: anthu awiri amene sanaonanepo angagwirizane bwanji za kiyi pamene aliyense akumva zokambirana zawo? Whitfield Diffie ndi Martin Hellman anasindikiza yankho mu 1976, ndipo mu 1977 Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anapeza njira ina imene imadziwika ndi dzina lakuti RSA. Kulumikizana kumayenda m'masitepe atatu.

Poyamba, foni ndi seva zimasankha nambala yachinsinsi, iliyonse yake. Kuchokera ku nambalayo iliyonse imapanga nambala ina imene imatumiza poyera. Foni ikaphatikiza nambala imene yalandira ndi nambala yake yachinsinsi, ndipo seva ikachita chimodzimodzi, zonse ziwiri zimafika pa yankho limodzi. Womvetsera waona manambala awiri apoyera aja, koma masamu obwerera m'mbuyo kuti apeze yankholo ndi olemera kotero kuti makompyuta amene alipo sangawamalize. Yankho limeneli ndilo limasanduka kiyi.

Chachiwiri, seva imaonetsa chiphaso chotsimikiza kuti dzina limene munthu walemba ndi lakedi. Chiphasocho chimasainidwa ndi bungwe limene foni imalidziwa kale ndi kulikhulupirira. Popanda sitepe imeneyi munthu angathe kupangana kiyi ndi wakuba amene waima pakati.

Chachitatu, uthenga uliwonse umamangidwa ndi kiyi ija ndi kuikidwa chidindo cha masamu, moti wina akasintha ngakhale lemba limodzi panjira, wolandira amadziwa ndipo amaukana.

Kusamuka kwenikweni kuli ndi ntchito zake. Mwini malo amatenga chiphaso ndi kuchiika pa seva. Amalamula kuti aliyense wofika pa khomo lakale, la nambala 80, atumizidwe ku khomo latsopano, la nambala 443. Amafufuza zithunzi ndi mawu ojambulidwa amene akubwerabe kudzera pa njira yakale, chifukwa chinthu chimodzi chotere chimasiya mpata m'mpanda. Pomaliza amakonza zoti chiphasocho chizikonzedwanso chisanathe nthawi. Kale ziphaso zinali zogula chaka ndi chaka, ndipo mtengo wake unkaletsa mabungwe aang'ono. Kumapeto kwa 2015 bungwe la Let's Encrypt linayamba kupereka ziphaso zaulere za masiku 90. Wikipedia, pamodzi ndi gawo lake la Chichewa, inasamuka mu Juni 2015, ndipo kuyambira Julayi 2018 Chrome inayamba kulemba mawu akuti "Not secure" pa malo onse otsalira pa HTTP.

Kusamuka kuli ndi mtengo wakenso kwa osauka. Pa 30 Sepitembala 2021 chiphaso china chachikulu chimene Let's Encrypt inkadalira chinatha nthawi, ndipo makina ena akale anayamba kukana malo abwinobwino. Ngakhale tsiku lolakwika pafoni limabweretsa chenjezo lofanana. M'makomboni mmene mafoni akale ndi ogulidwa kwa ena ali ochuluka, munthu amazolowera kudumpha machenjezo, ndipo chizolowezi chimenecho ndicho chimene wakuba amafuna.

5.0 Zochitika Zitatu za mu Lusaka

5.1 Chaka cha 1996

Intaneti ya mu Zambia inabadwira pa Yunivesite ya Zambia. Kampani ya ZAMNET, imene inachokera ku nthambi ya makompyuta ya yunivesiteyi, inalumikiza dziko lino mu 1994, pamene maiko ambiri a mu Africa anali asanalumikizidwe. Nyuzipepala ya The Post inayamba kuikidwa pa seva ya ZAMNET. Kope la nambala 401, la pa 5 Febuluwale 1996, linaulula mapulani a boma okhudza referendamu ya malamulo oyendetsera dziko. Pulezidenti Frederick Chiluba analiletsa, akonzi ake Fred M'membe, Bright Mwape ndi Masautso Phiri anamangidwa, ndipo kope la pa intaneti linachotsedwa. Linaonekanso pokhapokha chifukwa wowerenga wina kunja kwa dziko anali atalikopera.

Ngakhale HTTPS ikanakhalapo, sikanathandiza. Seva inali mu Lusaka, pamalo amene lamulo la boma likanafika. Phunziro loyamba ndi lakuti HTTPS imateteza njira. Siteteza nyumba imene uthenga ukuchokera kapena imene ukupita.

5.2 Chaka cha 2013

M'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, nyuzipepala ya pa intaneti ya Zambian Watchdog, imene inkadzudzula boma kwambiri, inali ndi seva kunja kwa dziko. Mu Juni 2013 owerenga a mkati mwa Zambia analephera kuifikira pamene a kunja ankaiwerenga bwinobwino. Kutsekako kunachitikira panjira: popeza pempho la HTTP limaoneka lonse, makina osefa ankangoona dzina la nyuzipepalayo ndi kudula kulumikizana. Eni ake anasamukira pa HTTPS, ndipo kwa kanthawi owerenga anabwerera. Mu Julayi njira yatsopanoyo inatsekedwanso, ndipo Zambia Reports nayo inatsekedwa m'nyengo yomweyo. Malowa anatsegukanso mu 2014.

Sitikuweruza pano za utolankhani wa nyuzipepalayo, umene anthu ambiri ankaudandaula. Chimene tikufuna ndi kufotokoza chifukwa chimene kusamukako kunathandizira pang'ono chabe. HTTPS imamanga zamkati mwa kalata, koma keyala ya pa envulopu imaonekabe. Nambala ya seva imaoneka, ndipo kawirikawiri dzina la malo limatumizidwa poyera pa moni woyamba, kiyi isanapangidwe. Woyang'anira njira sadziwa nkhani imene munthu akuwerenga, koma amadziwa nyumba imene walowa, nthawi imene walowa, ndi kuchuluka kwa zimene watenga.

Komabe pali chimene chimasintha. Wotseka sangathenso kuchotsa nkhani imodzi mwakachetechete. Ayenera kutseka malo onse, ndipo aliyense amaona. Boma la Turkey litadandaula za nkhani zochepa za pa Wikipedia, linatseka Wikipedia yonse kuyambira Epulo 2017 mpaka Januwale 2020. Phunziro lachiwiri ndi lakuti HTTPS siletsa kutseka, koma imakuonetsa poyera ndi kukukweza mtengo.

5.3 Chaka cha 2021

WhatsApp inamaliza kumanga mauthenga ake onse mu Epulo 2016, mwa njira yoposa HTTPS chifukwa kiyi imakhala pa mafoni awiri okha, osati pa seva ya kampani. Ngakhale zinali choncho, pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp, Facebook, Twitter ndi Messenger zinasiya kugwira ntchito mu Zambia. Bungwe la Chapter One Foundation linasumira ZICTA ku Khoti Lalikulu mu Lusaka, khotilo linalamula kuti zitsegulidwe, ndipo zinabwerera patapita masiku ochepa. Phunziro lachitatu ndi lakuti chimene chinatsegula njira si masamu koma lamulo.

M'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Data Protection Act, lamulo limene limapereka udindo wosamala zinsinsi za anthu kwa aliyense wozisunga, ndi Cyber Security and Cyber Crimes Act, limene linalamula makampani kukhala ndi zipangizo zothandiza boma kumvetsera mauthenga. Lamulo lachiwirili linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri mu Epulo 2025, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, amene anabutsanso mtsutso pa za ufulu wa chinsinsi. Ife ofufuza zinenero tili pakati pa malamulo amenewa. Munthu amene watilola kujambula mbiri ya banja lake kapena mlandu wa malo anatilola ife, osati aliyense wokhala pa Wi-Fi imodzi ndi ife.

6.0 Kusankha Mawu

6.1 Mneni

Tikufuna aneni awiri otsutsana: wina wosandutsa uthenga kukhala wosawerengeka, wina woubwezera. Taunika awa:

(3) a. kubisa
b. kuphiphiritsa
c. kuzimbaitsa
d. kusokoneza
e. kutseka
f. kumanga

Kubisa kumatanthauza kuti chinthu sichioneka konse, pamene taona mu 5.2 kuti uthenga wa HTTPS umaoneka ukudutsa. Mneni ameneyu angapatse munthu chilimbikitso chonama. Kuphiphiritsa ndi kwa zining'a, zimene wanzeru amazitulukira popanda kiyi. Kuzimbaitsa kuli pafupi ndi tanthauzo lofunika, koma kulibe mnzake wobweza wodziwika kwa onse. Kusokoneza kumapereka ganizo la chinthu choonongeka chimene sichingabwerere.

Chinyanja chili ndi mphatikiri -ul- amene amabweza zimene zachitidwa:

(4) tseka > tsekula
mata > matula
vundikira > vundukula
manga > masula

Kutseka ndi kutsekula kukanakhala koyenera, koma anthu anakupatsa kale ntchito ina. Pa 12 Ogasiti 2021 aliyense ankati "atseka WhatsApp". Tikati uthenga wotsekedwa, womvera adzamva kuti waletsedwa, pamene ife tikutanthauza kuti watetezedwa. Mneni mmodzi sangasenze chitetezo ndi chiletso pa nkhani imodzimodzi.

Motero tikupereka ganizo la kumanga ndi kumasula. Mtolo womanga umaoneka panjira, kukula kwake kumaoneka, kumene ukupita kumadziwika, koma zamkati sizioneka: chithunzi chimenechi chikugwirizana ndendende ndi zimene HTTPS imachita ndi zimene siichita. Ndiponso masula ndi tsinde la masulira, mneni amene timagwiritsa kale ntchito pochotsa uthenga m'chinenero chosamveka kupita m'chomveka. Wina angatsutse kuti kumanga kumatanthauzanso kugwira munthu kapena kuimika nyumba. Tikuvomera, koma dzina lotsatira mneni limachotsa chikaiko: kumanga uthenga sikungasokonezeke ndi kumanga wakuba, pamene kutseka uthenga kuli ndi matanthauzo awiri ndi dzina lomwelo.

(5) a. Foni imamanga uthenga isanautumize.
b. Seva yokha ndiyo ingaumasule.
c. Musalembe mawu achinsinsi pa njira yosamanga.

6.2 Maina

Pa chida chomasulira tili ndi mfungulo ndi kiyi. Mfungulo ali ndi ulemu wa mabuku, ndipo ali ndi -ul- yemwe uja mkati mwake, koma m'misewu ya Lusaka anthu amati kiyi. Sitiona chifukwa chokanira mawu obwereka amene anakhazikika kale.

Pa chikalata chotsimikiza seva tili ndi chitupa, satifiketi ndi chiphaso. Chitupa chimakumbutsa za ulamuliro wa atsamunda ndi zitupa zimene anthu anazitentha pa Cha Cha Cha mu 1961; ndi chikalata chimene wamphamvu amafuna kwa wofooka, pamene pano ndi wowerenga amene akufunsa seva. Satifiketi imakumbutsa mayeso ndipo imanena kuti mwini wake wapambana, chinthu chimene chikalata cha HTTPS sichinena. Chiphaso chimangonena kuti uyu ndi uje, ndipo ndicho tasankha.

6.3 Vuto la "wotetezeka"

Apa ndi pamene pagona ngozi yaikulu. Anthu ambiri anaphunzitsidwa kuti akaona kachithunzi ka loko, malowo ndi otetezeka. Koma popeza chiphaso ndi chaulere, wakuba amene watsegula malo onamizira banki angathenso kuchitenga pa dzina lake lofanana pang'ono ndi lenileni. Uthenga udzamangidwa bwino lomwe, ndipo udzafika wosatsegulidwa m'manja mwa wakubayo. Chifukwa cha kusamvetsa kotereku, Google inachotsa loko pa Chrome mu Sepitembala 2023.

Chinyanja chingathe kusiyanitsa zimene Chingerezi chinasakaniza:

(6) a. Njira ndi yomanga.
b. Mwini malo ndi wokhulupirika.

HTTPS imatsimikiza (6a) yokha. Chiganizo (6b) chimafuna kuti munthu awerenge dzina la malo lemba ndi lemba, ntchito imene ndi ya mphunzitsi wa kuwerenga osati ya katswiri wa makina. Motero chenjezo lakuti "Not secure" tisalimasulire kuti "malo oopsa", chifukwa posaoneka chenjezolo munthu adzati malowo ndi abwino. Tikupereka kumasulira uku:

(7) Njira iyi ndi yosamanga: ena angawerenge zimene mulemba.

Chiganizochi ndi chachitali, koma chimanena chimene chili ndi zotsatira zake, ndipo sichilonjeza kanthu.

7.0 Mawu Omaliza

Taona kuti kusamukira pa HTTPS kumaletsa womvetsera kuwerenga, kusintha ndi kunamizira, koma sikuteteza seva yofikirika monga mu 1996, sikubisa kumene munthu akupita monga mu 2013, ndipo sikuletsa kutseka monga mu 2021. Taperekanso mawu akuti kumanga, kumasula, kiyi ndi chiphaso, ndipo tachenjeza za mawu akuti wotetezeka.

Mawu amenewa ndi malingaliro chabe mpaka atayesedwa. Tikupempha aphunzitsi a Chinyanja kuti ayese zitsanzo (5), (6) ndi (7) m'makalasi awo, ku Emmasdale, ku Kabwata, ku Chelstone ndiponso ku Chipata, ndi kuona ngati Chinyanja cha m'tauni ndi cha kum'mawa zikumva mofanana. Tikupemphanso anzathu a Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale kuti aunike aneni obweza m'zinenero zawo, popeza mwana wa mu Lusaka amakula akumva zingapo mwa zinenerozi pa foni imodzi.